Kupita ku mapiri a Alps ndi ana mu Disembala: galimoto yako, ya hayala kapena sitima?

Chibwerereni ku ulendo wathu wa ku Munich ku Germany, ndi Salzburg, Hallstatt ndi Innsbruck ku Austria, anthu akhala akundifunsa kuti zotchipa ndi zosatopetsa ndi ziti. Ife njira zonse zitatu tazilawa pa maulendo awiri, ine, mayi akunyumba ndi ana atatu, nde ndingofotokoza mmene tinazionera.

Ulendo woyamba tinanyamuka pa galimoto yathu kuchokera konkuno ku UK. Kuwoloka si nkhani, galimoto imalowa mu sitima ya LeShuttle pa Folkestone, mphindi 35 muli pa Calais, mukakonda ya pamadzi yochokera ku Dover ndi ola ndi theka. Ntchito imayambira kutsidyako, poti kuchoka pa Calais kukafika ku Munich ndi pafupifupi makilomita 1,000, ndipo mu Disembala ikamakwana hafu 4 kunja kwada kale, nde ndi ana mufune musafune mugona panjira, ndalama ya hotelo imeneyo. Komanso galimoto za kuno chiwongolero chili kumanja ngati kumudzi pomwe uko amayenda mbali ya kumanja kwa msewu, moti pa mageti olipirira a ku France makina amakhala mbali ya pasenjala, mayi akunyumba ndi amene ankachita kutuluka theka pawindo ndi khadi kuli kuzizira koopsa, mpaka lero nkhani imeneyi sinathe pakhomo pano.

Koma chimene chimadula kwenikweni ndi matayala. Ku Austria kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 15 Epulo msewu ukakhala ndi snow kapena madzi oundana lamulo limafuna matayala a nyengo yozizira, ku Germany nakonso amafuna a nyengo yozizira okhala ndi kachizindikiro ka phiri pa tayalapo, ndipo ambirife kuno timayendera wamba chaka chonse. Kugula matayala anayi chifukwa cha sabata imodzi, aaa, werengerani nokha. Onjezani sitika ya UK kumbuyo, sitika yobiriwira yolowera mkati mwa Munich, ndi vignette, chiphaso cholipira choyendera misewu ikuluikulu ya ku Austria, ilipo ya masiku 10. Ubwino wake ndi umodzi koma waukulu, buti ndi yanu. Ufa, mthiko, mpoto, mabulangete, zonse zinalowa, tinadya nsima pansi pa mapiri a ku Innsbruck ife. Koma nyama ndi za mkaka musanyamule, chiyambire 2021 saloleza kulowa nazo ku EU kuchokera kuno.

Ulendo wachiwiri tinakwera ndege mpaka Munich, maola awiri basi kuchokera ku London, ndiye masiku a mtauni tinayenda pa sitima. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti chaka chijachi ndinkangodzizunza. Pali tikiti yotchedwa Bayern-Ticket, imagwira tsiku lonse pa sitima za mdera, mkati mwa sabata kuyambira 9 koloko mmawa, imakafika mpaka Salzburg ngakhale kuli kale ku Austria, ndipo ana atatu a zaka 6 mpaka 14 amakwera ulere. Maola osakwana awiri mwafika, palibe zozungulira kusaka pakingi, toileti ili momwemo, amene muli ndi ana mukudziwa chimene ndikunena. Kuchoka Salzburg kupita Innsbruck pali sitima yothamanga yotchedwa Railjet, yomwenso ili ndi mbali ya mabanja. Ku Hallstatt siteshoni ili tsidya lina la nyanja, mumatsika sitima nkukwera boti, mudzi ukuonekera patsogolo madenga ali mbuu, mzime wathu anangoti kukamwa yasa, magolovesi onse atagwa pansi osadziwa.

Kuipa kwa sitima ndi katundu. Masutikesi atatu, majekete onenepa, mwana wagona paphewa ndiye mukusintha sitima pa siteshoni ya Attnang-Puchheim popita ku Hallstatt mu mphindi zochepa, pamenepo mumaikumbuka buti ija. Komanso malo ogona otchipa ambiri ali mmidzi ya kunja, komwe basi imabwera mwa apo ndi apo, ndipo Lamlungu mashopu ku Germany ndi ku Austria amatseka, ukalakwitsa ana agonera mabisiketi.

Ya hayala tinatenga masiku atatu okha a kumapiri. Imabwera ndi chiwongolero choyenera msewu wake, matayala mungofunsa kuti atsimikize polemba musanalipire. Koma mtengo umene mumauona pa intaneti si umene mudzalipire pa kauntala, ife anationjezera ya mipando ya ana pa tsiku, ya kuwoloka malire, ndiye dipoziti ankafuna credit card, mwamwayi mayi akunyumba anali nayo. Mipando simungaizembe, ku Germany mwana wosakwana zaka 12 yemwe sanafike masentimita 150 ayenera kukhala pa mpando wake, bola kunyamula timipando tanu ta ana, ma booster. Mufunsenso ngati vignette ilipo kale, ndipo mukati mutsikire ku Italy kudzera pa mpata wa mapiri wa Brenner pali malipiro ake apadera.

Nde mukandifunsa ine, banja la sabata imodzi likwere ndege, matauni pa sitima, hayala masiku awiri atatu a kumapiri basi. Galimoto yako ndingaivomere ngati muli ndi masabata awiri, madalaivala awiri komanso matayala aja muli nawo kale. Amene mudakali pa pasipoti ya Malawi yambani ndi viza ya Schengen, yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Germany ndi Austria, musanagule tikiti iliyonse, ndi ma euro 90 wamkulu, 45 mwana wa zaka 6 mpaka 11, ndipo mumafunsira ku dziko limene mukakhaleko masiku ambiri, kwa ife inali Austria ngakhale ndege inatera ku Germany.