Pyanodons patapita dzinja ndi chisanu: mmene ndikuionera tsopano

Mvula ili mkati ndinalembapo mawu ochepa pa Pyanodons, gulu la ma mod (zowonjezera za pa gemu zopangidwa ndi osewera) limene limasandutsa Factorio kukhala gemu ina. Ndinati ndi yolemera, imayenda pang'onopang'ono, koma ili ndi chikoka, ndipo ndinalonjeza kudzanena zambiri ndikadzalowa mkatikati. Dzinja lija linatha, chiperoni chinabwera n'kupita, pano Blantyre wayamba kuwotcha ndi dzuwa la Okutobala, ine ndikadali pa mapu omwe aja. Sindinamalize, ndipo kumapeto kukadali kutali. Koma ndafika poti ndinganene mosajejema kuti m'magemu onse omanga fakitale amene ndinagwirapo, palibe ntchito yoganiziridwa mozama ngati iyi, ngakhale ili ndi zilema zake zimene sindibisa.

Kwa amene simukuidziwa, Factorio inapangidwa ndi kampani ya Wube Software ya ku Prague, ndipo inatuluka yathunthu pa 14 Ogasiti 2020. Umayamba ndi manja okha pa dziko lachilendo, n'kumakumba chitsulo, mkuwa, malasha ndi miyala, kuziyendetsa pa malamba, kuzisungunula, kupanga makina opanga makina ena, mpaka utaulutsa roketi. Kafukufuku wake amayendera mabotolo a sayansi a mitundu 7. Pyanodons, imene osewera amangoitchula kuti Py, imachotsa pafupifupi maresipi onse, ndiye kuti malamulo a zimene zimalowa m'makina ndi zimene zimatulukamo, n'kuikapo ake. Ili m'zigawo zingapo, monga Coal Processing, Raw Ores, High Tech, Petroleum Handling, Fusion Energy, Alien Life ndi Alternative Energy, ndipo ambiri timaziika zonse pamodzi. Amene anaimaliza amanena za maola opitirira 1,000.

Anthu akamva za maolawo amaganiza kuti vuto la Py ndi kutalika. Kutalika kulipo ndithu, koma mtima wa gemuyi uli pena. Mu Factorio wamba ukafuna giya, umaika chitsulo m'makina n'kutuluka giya, nkhani yatha. Mu Py chilichonse chimene upanga chimabereka chinanso chimene sunachipemphe, ndipo chosapemphedwacho ukapanda kuchipezera kopita, chimatseka makina, makinawo n'kuimitsa anzake, mpaka fakitale yonse kuti zii. Funso la tsiku ndi tsiku silikhala lakuti ndipange bwanji chinthu ichi, koma lakuti zotsalazi zipita kuti.

Mphunzitsi woyamba ndi phulusa. Boyila ikawotcha malasha imasiya phulusa. Makina oyamba olumikizira zinthu nawonso amayendera moto, ndiye amasiya phulusa. Ukalisiya limadzaza m'kati, moto n'kuzima, magetsi n'kuthima. Choncho pambali pa lamba wobweretsa malasha pamafunika njira yotulutsira phulusalo, ndipo masabata oyambirira ndinali ndi mizere ya mabokosi odzaza phulusa lokhalokha kuseri kwa maboyila. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti phulusa lomwelo limadzakhala chuma. Limalowa m'timabokosi todzalamo mbewu timene sayansi yoyamba imafuna, ndipo patsogolo umalipeta m'makina n'kupezamo fumbi la malasha, dzimbiri la chitsulo ndi mwaye, mwayewo n'kutulutsamonso tizitsulo. Tsiku limene mabokosi aja anayamba kuchepa m'malo mochuluka, ndinadziwa kuti gemuyi ndayamba kuimva chilankhulo chake.

Malasha nawo sangokhala mafuta a moto ayi. Amene umakumba pansi ndi aawisi, ndipo umawaphika m'nsanja yotchedwa destructive distillation column. M'menemo mumatuluka malasha abwino, gasi, phula ndi dzimbiri la chitsulo, zonse nthawi imodzi. Iweyo mwina ukufuna gasi yekha, koma thanki ya phula ikadzaza nsanjayo imaima, gasi uja n'kusowa. Phulalo ukaliyenga limagawikanso kukhala mafuta amitundumitundu, kuphatikizapo creosote wonyikamo matabwa kuti asafumbwe, ndipo aliyense wa mafutawo ali ndi thanki yake yoti ingadzaze. Njira zotayira zilipo, chumuni chotulutsira gasi kumwamba ndi dzenje lomeza zamadzimadzi, ndipo poyamba umazidalira kwambiri. Koma ukamapita patsogolo umapeza kuti chimene unkataya mwezi watha ndi chimene fakitale yatsopano ikulirira lero.

Pamene ndinaikondera kotheratu gemuyi ndi pa mtovu. Miyala yambiri mu Py sikumbika ndi makina okha, imafuna gasi kapena madzi ena ake: aluminiyamu amafuna gasi wa malasha, mtovu umafuna acetylene. Ndinatsegula resipi ya acetylene n'kupeza kuti imachokera ku kabaidi ndi madzi, kabaidiyo n'kuchokera ku laimu ndi malasha ophika aja otchedwa coke. Ndinakhala kaye chete. Aliyense amene anaimapo pafupi ndi owotcherera zitsulo ku Ndirande, aja okonza ma ekizozi ndi mageti, akuidziwa kabaidi: timiyala totuwa toponya m'kathanki ka madzi, fungo lake lija lolasa m'mphuno, gasi n'kumayenda m'kapaipi mpaka pa tochi, pansi n'kutsala phala loyera. Phala loyera lomwelo limatsalanso mu gemu, ndipo nalonso uyenera kulipezera kopita. Amene analemba ma mod amenewa sanangopeka mayina kuti zinthu zichuluke. Mbali yaikulu ya malasha, mafuta ndi zitsulo anaitenga ku ntchito zenizeni za m'mafakitale, ndipo zimaonekera. Masiku ano ndikamadutsa ku Makata pa minibasi n'kuona mathanki ndi mapaipi kuseri kwa mipanda, maso anga amatsatira paipi iliyonse kuti ikulowera kuti.

Nkhani ya splitter, kachida kogawa katundu wa pa lamba m'njira ziwiri, ndi yotchuka pakati pa osewera, ndipo ndi yoona. Mu Factorio wamba umakapeza gemu ingoyamba. Mu Py kamafuna circuit board, ndipo circuit board yoyambayo ndi fakitale payokha: bolodi lake, ma resistor, ma capacitor, ma vacuum tube, batire, mtovu wowotcherera, chilichonse ndi mzere wake wa makina, ndipo ina mwa mizereyo imayambira kumunda wa mitengo ndi wa utomoni. Nthawi yonseyo umagawa katundu ndi timikono tonyamula tija totchedwa inserter, kamodzikamodzi. Ena amati kumeneku n'kuzunza osewera dala. Ine sindikuvomereza. Kusowa kwa splitter kumakuphunzitsa kumanga zazing'ono, zokwanira, zosathamangira ukulu, ndipo phunziro limeneli ndi limene limadzakusunga patsogolo. Circuit board yanga yoyamba itatuluka pa lamba, ndinaitsatira ndi maso mpaka inalowa m'bokosi, ndipo chimwemwe chake chinaposa cha roketi yanga yoyamba mu gemu wamba.

Kenako pamabwera ziweto ndi minda, gawo la Alien Life. Pali ndere, udzu wa m'nyanja, bowa wotchedwa fawogae, mbewu ya ralesia, maluwa a moondrop otulutsa gasi wa methane, ndi nyama zachilendo monga vrauk, auog ndi ulric. Nyama yoyamba umaipanga m'labotale movutikira kwambiri, kenako umaiika m'khola kuti iswane, ndipo khola limathamanga malinga ndi kuchuluka kwa nyama zimene waikamo. Ndiye poyamba zonse zobadwa umazibwezera m'khola, osapha ngakhale imodzi, kudikira kuti zichuluke. Munthu amene anasungapo nkhuku kapena mbuzi sangafune womufotokozera zimenezi. Ukayamba kupha, m'nyumba yophera mumatuluka nyama, magazi, matumbo, ubongo ndi zina, ndipo tabwereranso ku funso lija: ukufuna chimodzi, zinazo zipita kuti? Ngakhale ndowe za auog zili ndi ntchito. Palinso nyama yotchedwa caravan imene umatha kuisenzetsa katundu kuti iziyenda yokha pakati pa malo awiri bola uziidyetsa, ndipo pa zinthu zofunika pang'onopang'ono, zosayenera kuzimangira njanji, ma caravan anga andithandiza kuposa mmene ndinkayembekezera.

Njanji nditazipeza ndinasiya kuwonjezera pa fakitale yoyamba ija, imene malamba ake anali atapiringizana moti sindikanathanso kulowetsapo paipi ina. Sindinaiphwasule. Ikugwirabe ntchito, ikudyetsa sayansi zoyamba, pamene zatsopano ndikumanga m'mabwalo osiyana, lililonse ndi siteshoni yake ya sitima. Pa msinkhu umenewu kuwerengera pamutu sikuthekanso. Ndimagwiritsa ntchito mod ya Factory Planner powerengera makina, ena amakonda Helmod kapena pulogalamu yapadera ya YAFC. Factoriopedia imene inabwera ndi Factorio 2.0 pa 21 Okutobala 2024 imathandiza kuona kuti chinthu chimachokera kuti ndipo chimalowa kuti. Pambali pa laputopu pamakhalanso kope ndi bolopeni, chifukwa ukasiya gemu masiku angapo, pobwerera sukumbuka kuti unkamangiranji zinki kumpoto kwa mapu.

Tsopano zilema. Choyamba, Py imakupatsa njira zambiri zopangira chinthu chimodzi koma siikuuza kuti yanzeru ndi iti, ndipo kusiyana kwake nthawi zina n'kwakukulu zedi. Madzulo ena amatha osamanga kanthu, kungowerenga maresipi. Ine zimenezi ndimazipirira, koma si aliyense amene akaweruka kuntchito angafune kuyambanso masamu. Chachiwiri, kuyenga miyala kumabwerezabwereza. Chitsulo chilichonse chili ndi masitepe ake, kuphwanya, kusefa, kutsuka, kusungunula, ndipo ukamanga mzere wa chachitatu kapena chachinayi umaona kuti ukubwereza ntchito yomweyo ndi mayina ena. Apa pokha ndi pamene ndinamva kutopa kwenikweni, ndipo ndikanakonda akanadulako. Chachitatu ndi zosankha zotchedwa T.U.R.D., pamene umasankha njira imodzi mwa zitatu yokwezera munda kapena khola. Maganizo ake ndi abwino, koma kubweza chisankho si kwapafupi, ndipo umasankha usanadziwe zimene fakitale yako idzafune patsogolo. Woyamba kumene amakhala ngati akungoponya mwala mumdima.

Palinso za kuno kwathu, zimene olemba za gemuyi kunja sazitchula. Factorio imagulitsidwa madola 35, ndipo eni ake satsitsa mtengo pa nyengo za maselo, ndiye kudikira kuti idzatchipe n'kutaya nthawi. Kulipira ndi khadi masiku ano a kusowa kwa ndalama zakunja nakonso kumafuna kuleza mtima. Ubwino wake, ma mod onse a Py ndi aulere ndipo safuna chowonjezera cha Space Age. Mafayilo a zithunzi zake ndi akuluakulu, choncho pokopera koyamba pezani Wi-Fi kapena bandulo ya usiku, ndipo musamathamangire update iliyonse, chifukwa kupatula kudya data, nthawi zina imasintha maresipi n'kusokoneza mzere umene unkayenda bwino. Mukatha apo intaneti siifunikanso. Ichi ndi chifukwa chachikulu chimene gemuyi yakhalira nane nthawi yonseyi, pamene magemu a pa intaneti ndinawasiya kalekale.

Magetsi akathima batire ya laputopu siikhalitsa, chifukwa fakitale ikakula purosesa imagwira ntchito kolimba. Autosave ndiye mnzanu, musaitalikitse. Gemuyi imayenera kuyenda pa liwiro la masitepe 60 pa sekondi, ndipo kwa ine m'miyezi yozizira ija sinkatsika. Kutentha kwayambaku fani ikulira kwambiri ndipo liwiro limagwa ndikayandikira kumene kuli masitima ambiri. Ndinatsitsa ubwino wa zithunzi za gemu, ndinaika laputopu pa timatabwa kuti mpweya uzidutsa pansi, ndipo ndinapita nayo ku Limbe kukaipukutitsa fumbi. Zasintha ndithu, koma ndikudziwa kuti sayansi zakutsogolo zidzafuna kompyuta yamphamvu kuposa iyi. Chodabwitsa n'chakuti moyo wathu wa magetsi obwera n'kupita umagwirizana nayo gemuyi. Palibe amene akukuthamangitsa. Ola limodzi likapezeka umakonza paipi imodzi, kapena kuwonjezera khola limodzi, n'kusunga. Madzulo opanda magetsi ndimajambula bwalo lotsatira m'kope.

Mnzanga wina wa ku Chilomoni anandifunsa ngati angayambire pa Py, popeza Factorio sanaigwirepo. Ndinamuuza kuti ayi achimwene, yambani ndi demo yaulere, kenako muulutse roketi mu gemu wamba, muzolowere masitima ndi ma signal ake. Mukafunabe zina, mod ya Krastorio 2 ndi sitepe yabwino, ndipo ya Space Exploration ndi yaitali koma yosafika pa Py. Amene wadutsa m'menemo ndipo amasangalala ndi kufufuza chifukwa chimene mzere waimira, osati kungoona roketi ikunyamuka, ameneyo Py ndi yake.

Mukaganiza zoyamba, zimitsani adani aja otchedwa biters pokonza mapu, chifukwa gemuyi ili kale ndi zokwanira zokusowetsani tulo, ndipo chipolopolo chilichonse chingadye zitsulo zimene mukuzisowa. Kulitsani migodi kuti musamasamuke pafupipafupi, ndipo onetsetsani kuti madzi ali pafupi ndi poyambira. Pakati pa nyumba ndi nyumba siyani mpata woposa umene mukuona kuti ndi wokwanira, chifukwa nyumba za Py ndi zikuluzikulu ndipo iliyonse idzafuna paipi ina imene lero simukuidziwa. Mabokosi a phulusa muwaike poti lamba adzathe kufikapo.