Miyezi isanu ndi inayi ndikujambula mbalame zam'madzi ndi Nikon D7500

Nditangogula kamera ya Nikon D7500 ndi lenzi ya 70-300mm, ndinalemba kuti shutter (nthawi imene kamera imatsegukira kuwala pojambula) ya 1/1000 ya sekondi ndi yokwanira pa mbalame zam'madzi, komanso kuti ISO (mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala) isamapitirire 800. Patha miyezi isanu ndi inayi tsopano, ndipo mawu amenewo ndikuwabweza. Amene munanditsatira, pepani ndithu.

Inandiphunzitsa ndi nkhwazi ya ku Nkhata Bay. Tili m'boti, mnyamata woyendetsa anaimba likhweru n'kuponya nsomba pamadzi. Nkhwazi inachoka mumtengo, n'kutsika zikhadabo zili patsogolo, ine chala chili pabatani. Kamerayi imajambula zithunzi 8 pa sekondi, ndiye ndinabwerera ku Mzuzu ndikumwetulira ndekha mu minibasi. Kufika pa kompyuta, mutu wa mbalame unali bwinobwino koma zikhadabo ndi nsonga za mapiko zinali mbuu, ngati wina wapukuta ndi chala. Chigwedezo cha boti sindinachiwerengere n'komwe.

Pano kamera ndimaiika pa M (pamene makonzedwe umasankha wekha), shutter 1/2000, kabowo kolowera kuwala f/7.1, ISO n'kuisiya pa Auto mpaka 6400. Dzuwa likawala ndimakweza kufika 1/3200, ndipo madontho ogwa kumapazi a nkhwazi amaima m'malere ngati mikanda. Zonsezi ndinazisunga pa U1, malo osungira makonzedwe pa kagudumu ka kamera, kuti mbalame ikadzidzimuka ndingopotokola kamodzi.

Mantha a ISO anathera kuno kwathu. Mu Juni ndi Julaye, ukapita m'mamawa kumadambo a Lunyangwa, nkhungu imakhala ili tolo, zala zitauma ndi chisanu, kuwala kulibe. Pamenepo ISO imathamangira 3200 kapena 5000. Chithunzi chimatuluka ndi timchenga, inde, koma timchenga timachepetseka pa kompyuta. Phiko losokonekera lilibe mankhwala.

Kakowa ndiye anandivutitsa kwambiri. Akamauluka kutsogolo kwa mabango akuda, kamera imayesa kuti kwada n'kuwonjezera kuwala, nthenga zoyera zija n'kupserera osaonekanso mizere. Ndimatsitsa exposure compensation (chochepetsera kapena kuwonjezera kuwala kumene kamera yasankha) kufika -1, chimodzimodzinso pa mutu woyera wa nkhwazi. Nantchengwa akadutsa kumwamba kotuwa ndi nkhungu zimatembenuka: ndimakweza +1, apo ayi amatuluka bii ngati khala. Kangapo ndaiwala kubweza, n'kuwononga m'mawa wonse.

Pa focus ndinakhazikika pa AF-C (yotsatira chinthu chikamayenda) ndi Group-area (yogwiritsa ntchito kagulu ka timadontho ta focus). Mbalame ikamauluka chapansi, madzi onyezimira amakopa focus, choncho kagulu ka timadontho tochepa, ndikukalondoletsa ndekha pa mbalame, kamandigwirira bwino kuposa kusiya timadontho tonse 51 tisankhe tokha.

Kamerayo ikadali yolimba, batire imakwanira tsiku lathunthu. Lenzi ndi imene ndaiona kufupika. Ku nyanja ya Kazuni ku Vwaza atsekwe amatera kutali, pafupi ndi mvuu, ndipo kumeneko munthu wanzeru sasendera. Ndikusonkhera ya 500mm.

Za chinyezi cha Mzuzu musazitenge mwachibwana. Ndinasiya lenzi m'chikwama milungu itatu nthawi ya mvula, n'kupeza kankhungu konga ulusi wa kangaude m'mphepete mwa galasi. Pano imagona m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo Loweruka lililonse ndimaitulutsa kuti ione kuwala.