Mfuti yanga ya mpweya patatha miyezi isanu ndi umodzi: ligi yatha, bilu yafika

Dzulo ndalandira bilu ya silinda yatsopano, kabotolo kosungira mpweya ka mfuti yanga, mapaundi 95 mbali yanga yokha. Usiku womwewo achimwene ena omwe timagwira nawo ntchito kuno ku Leicester anandifunsa pa WhatsApp ngati nawonso agule mfuti ngati yangayi. Ndinawayankha mwachidule chifukwa mtima unali udakali m'mwamba. Lero wakhala pansi, ndiye ndifotokoze bwinobwino, pakuti mu Okutobala ndinaitamanda kwambiri nditangokhala nayo milungu iwiri.

Ndi mfuti ya mpweya ya mpikisano wa mamita 10, yopangidwa ku Germany, yomwe ndinagula m'sitolo yogwiritsidwapo kale ntchito pa mapaundi 650. Ku England mfuti yotere sifuna laisensi bola mphamvu yake isapose ma joule 16, ndipo zampikisanozi zimangokhala cha m'ma 7.5. Ku Scotland ndi nkhani ina, kumeneko chikalata chimafunika kuyambira kumapeto kwa 2016. Pogula m'sitolo uyenera kukhala wa zaka 18 ndipo umakailandira pamaso ndi pamaso, satumiza pa positi.

Chinandikokera ku kalabu yowombera ndi mdima. Mu Disembala kuno dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ukaweruka umangodzitsekera m'nyumba. Lachiwiri ndi Lachinayi madzulo ndinapeza kopita, ndipo ndinalowa mu ligi ya nyengo ya chisanu. Aliyense amawombera makhadi ake a chandamale pa kalabu yake, mboni imasaina, makhadiwo n'kutumizidwa kuti akawerengedwe. Wopikisana nayeyo sumuona n'komwe, umangoona dzina ndi mapointi ake.

Zomwe zikuyenda bwino sindichedwapo. Trigger, kokokera ndi chala powomba, ndi yofewa, sinasinthe kuyambira tsiku loyamba. Zoyang'anira kutsogolo ndi kumbuyo ukazitchera zimakhala pomwepo. Thabwa lake limasinthika kuti likwane tsaya ndi phewa, ndipo kulemera kwake sikufika makilogalamu 5.5 omwe ndi malire a mpikisano. Mapeleti, tizipolopolo take, ndimagwiritsa a RWS R10 a mamilimita 4.5, chitini cha 500 chimandifikitsa pafupifupi mwezi.

Vuto linayamba mu Januwale. Kuti mumvetse, kadontho ka 10 pakati pa chandamale ndi theka la milimita, kakang'ono kuposa njere ya mawere. Mfuti ikangosintha pang'ono, khadi limaulula. Lachinayi lina ndinayamba bwino, 9, 10, 9, kenaka mabowo anayamba kutsika. 8 mmunsi, 7 mmunsi, lomaliza 6, onse atafola mzere wopita pansi. Ndinaganiza kuti ndi kutopa kwa shifiti yausiku. Sabata yotsatira chimodzimodzi. Ndinasiya khofi, ndinasintha kaimidwe, ndinagula chitini china cha mapeleti, koma ayi ndithu. Makhadi a ligi atatu anapita choncho, ndipo timu yathu inatsika chifukwa cha ine. Zinandipweteka kwambiri, moti Lachiwiri lina ndinakhala m'galimoto panja pa kalabu osafuna kulowa.

Amene anandipulumutsa ndi bambo ena achikulire a pa kalabupo, omwe akhala akuwombera zaka zambirimbiri. Anandifunsa kuti ndinadzaza liti mpweya. Ndinati Lamlungu, kufika 200 bar, ndipo sindinawomberepo. Tinayang'ana geji yosonyeza mpweya wotsala, singano ili kufupi ndi 90. Anamasula silinda ija, anasungunula sopo m'kapu, n'kupaka ndi chala mozungulira geji. Sipanapite nthawi, timathovu tinayamba kutuluka, kamodzikamodzi, ngati chubu cha njinga chikakhala ndi panchala yaing'ono. Anandifotokozera kuti mkati mwa mfuti muli regulator yomwe imapereka mpweya wofanana nthawi iliyonse, koma mpweya wa m'silinda ukachepa kuposa womwe iyo imafuna, peleti imatuluka mofooka n'kugwera mmunsi. Kamphira kotseka mpweya kanali katauma, ndipo kusiya mfuti m'buti ya galimoto pa chisanu ndili ku ntchito kunkawonjezera vutolo. Pamenepo ndikuvomera, mbali ina inali yanga.

Koma akutembenuza silindayo anaona china. Pathupi pake padindidwa chaka chomwe inapangidwa, ndipo masilinda amenewa amaloledwa zaka 10 basi, zikatha sulowa nayo mu mpikisano woyendera malamulo a ISSF, bungwe la padziko lonse la masewera owombera. Yanga inali itapyola kale malire tsiku lomwe ndinkaigula. Wogulitsa ankadziwa kuti ndikugulira mpikisano, ndinamuuza ndi pakamwa panga, koma za chakacho sanatchulepo.

Apa ndi pomwe ndinapsa mtima. Nditaimba foni anandiuza kuti katundu wakale amamupatsa miyezi itatu yokha ya waranti, ndipo yatha. Ndinamulembera kalata yotchula lamulo la Consumer Rights Act la 2015, lomwe limakhudzanso katundu wogwiritsidwapo kale ntchito ukagula m'sitolo, ndipo limati vuto likaoneka m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, ndi wogulitsa ayenera kusonyeza kuti panalibe pogula. Anakhala chete milungu iwiri. Kenaka anavomera kusintha timphira mwaulere, koma pa silinda anakakamira kuti tigawane pakati. Ndikanatha kulimbana naye mpaka kumapeto, koma ligi inali ikupita ndipo ndinali nditatopa ndi kubwereka silinda ya kalabu. Ndinavomera, ngakhale mpaka lero ndikuona kuti anayenera kulipira yonse.

Chondisokoneza n'chakuti mfutiyo payokha ndi yabwino zedi. Makhadi anga awiri omaliza, ndi silinda yobwerekayo, ndiwo abwino kuposa onse omwe ndawombapo. Usiku umenewo ndikanaipatsa nyenyezi zisanu mosazengereza. Dzulo, bilu ili m'manja, ndikanaipatsa ziwiri. Ndikaphatikiza 650, 95 iyi, mafuta a maulendo awiri opita ku sitoloyo ndi chitini chomwe ndinagula pachabe, ndayandikira mapaundi 800, ndalama zomwe kumudzi zikanagula matumba angapo a feteleza. Sindingaiwale zimenezo.

Ndiye achimwene, yankho langa ndi ili. Mtundu wa mfutiwu gulani, sindikukuletsani. Koma musanatulutse khadi la banki, masulani silinda muwerenge chaka ndi maso anu, muwauze aidzaze, mubwerenso mawa lake kudzaona geji. Ku sitolo ija musapiteko, ine sindidzapondakonso. Poyamba bwerani Lachinayi 7 koloko, kalabu ili ndi mfuti zobwereketsa, muwombereko mwezi wathunthu musanawononge ndalama. Yanga ndikuisunga, tsopano imagona m'nyumba m'bokosi lokiya, ndipo ndalembetsa kale ligi ya Okutobala.