Fyuluta ya CPL 67mm: pamasamba ndi pamadzi ndi bho, koma pa ma quilt a mnyumba ichotseni

CPL ndi kagalasi koika pa lenzi ya kamera kochotsa kunyezimira pa zithunzi, ndipo 67mm ndi kukula kwa kukamwa kwa lenzi komwe imakwana. Ndaipatsa nyenyezi 4 pa 5. Ndinaigula pokonzekera ulendo wa ku Pennsylvania ku America komwe ndimafuna kukajambula minda ya maluwa, mathithi komanso ma quilt a anthu achi Amish, zofunda zija amasoka polumikiza tizidutswa ta nsalu (achi Amish ndi gulu la Akhristu okhala moyo wachikale). Ndi yopyapyala, umangoimanga kutsogolo kwa lenzi kenako nkumazungulitsa kamkombero kake uku ukuyang'ana mu kamera mpaka kunyezimira kuthe, basi palibe batire palibe zochuna zina.

Komwe inandigwira mtima ndi ku Longwood Gardens kufupi ndi Kennett Square, minda ya maluwa pa malo omwe mpondamatiki wina, Pierre du Pont, anagula mu 1906 pofuna kupulumutsa mitengo yakale yomwe imati idulidwe. Abale inu masamba amanyezimira kuposa momwe maso athu amaonera, makamaka akangothiriridwa kumene, nde pachithunzi amatuluka otuwa ngati wawazapo ufa. Ukangozungulitsa fyulutayi kutuwa konse kumachoka, kubiriwira kwenikweni kwa tsamba kumatuluka, ndipo maluwa ofiira ndi achikasu amaoneka okhuta mtundu osafuna kukawonjezera pa kompyuta. Pa madamu a maluwa a m'madzi, pamene pali masamba akuluakulu aja a chomera chotchedwa Victoria, mpomwe ndinasangalala zedi coz madzi amasiya kuonetsa mitambo nde tsamba lililonse limaima palokha pa madzi akuda bii. Koma musamazungulitse mpaka kumapeto nthawi zonse, siyaniko kunyezimira pang'ono, apo bii madzi amaoneka akufa.

Ku mathithi a Ricketts Glen inathandiza pawiri. Miyala yonyowa inasiya kuwala, komanso poti fyulutayi imadya kuwala pafupifupi ma stop awiri (stop iliyonse ndi kudula kuwala ndi theka) shutter, kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera, imachedwa yokha kutseka nde madzi a Ganoga Falls, omwe amagwa mamita pafupifupi 29, anatuluka osalala bwinobwino. Tripod, chamiyendo itatu choikapo kamera, musaiwale apa, ndi manja chithunzi chigwedera.

Kumwamba imagwira kwambiri dzuwa likakhala chambali panu, likakhala kutsogolo kapena kumbuyo simuona kusintha kwenikweni. Ndipo pa lenzi yotambalala ngati 16mm thambo limada mbali imodzi kwina nkuyera, limenelo si vuto la iyi yokha ma CPL onse amatero.

Tsopano nkhani ya ma quilt, yomwe ndi imene yandipangitsa kulemba zonsezi. Alipo a mitundu iwiri ndipo fyulutayi imagwira pa umodzi wokha. Pali ma barn quilt, amenewa si nsalu ayi ndi matabwa opentedwa mapatani a quilt nkukhomedwa pakhoma la nkhokwe ndi makola a kumafamu, mwambowu unayambira ku Adams County ku Ohio mu 2001 pomwe Donna Sue Groves amafuna kulemekeza mayi ake omwe anali osoka. Penti yake imanyezimira dzuwa likawomba nde apa CPL ndi mfumu, mitundu imatuluka gwa ndipo udzu ndi thambo kumbuyoko zimakongola limodzi.

Koma ma quilt enieni a nsalu omwe mumawapeza mmasitolo ang'onoang'ono ndi mmakomo a ku Lancaster County, cha ku Intercourse ndi Bird-in-Hand uko, ichotseni muike mthumba. Mkati mwa nyumbazi kuwala kumakhala kochepa, kwambiri kumachokera pa windo, nde fyuluta ikadyanso kuwala ISO, mlingo wa momwe kamera imakwezera kuwala kochepa, imakwera chithunzi nkudzaza timadontho. Chinanso nsalu ya thonje kapena ubweya sinyezimira, palibe choti ichotse. Ma quilt akale achi Amish amasokedwa ndi nsalu za mtundu umodziumodzi zopanda maluwa, yakuda, yapepo, yabuluu, yofiira moderako, mapatani ake ngati Diamond in the Square kapena Sunshine and Shadow, ndipo ukaona patali umangoti ndi mabokosi basi. Luso lonse lili mu ulusi. Amalumikiza magawo atatu, nsalu ya pamwamba, thonje la pakati ndi nsalu ya pansi, ndi timisoko ting'onoting'ono ta pamanja tojambula nthenga, nyenyezi, mabasiketi, ntchito yoti mayi amakhala nayo miyezi. Kuti timisoko timeneti tioneke pamafunika kuwala kobwera chambali kuti kachithunzithunzi kagwe mu msoko uliwonse. Ine ndimapempha mwini wake ngati angalole kuti tiyale quilt pafupi ndi windo, kenako nkujambula chowerama, flash osayatsa chifukwa imaphwatalalitsa zonse. Zithunzi zomwe ndimazikonda kwambiri pa ulendo wonsewu ndi zimenezi ndipo fyulutayi sinagwirepo ntchito olo pang'ono.

Ndinene pano poti ambiri amalakwitsa, anthu achi Amish safuna kujambulidwa nkhope, ndi nkhani ya chikhulupiriro chawo pa kudzichepetsa. Chonde alemekezeni, pemphani kaye musanajambule ngakhale quilt yeniyeniyo, ndipo Lamulungu musavutike kupita sagulitsa. Ngati mthumba muli kenakake gulaniko olo kakang'ono, sibwino kumangojambula thukuta la munthu nkumapita.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha kamkombero. Poti ndi kopyapyala pogwira pamachepa, nde kukazizira mmawa kamakakamira pa lenzi moti umalimbana nako kuti kamasuke, ndipo pa ulendo ngati uwu womangoti manga chotsa manga chotsa zimatopetsa. Kulowetsa labala ya ndalama ija pa mkombero kumathandiza kuti zala zigwire. Kabokosi kake nakonso ndi kapulasitiki kofooka, kanasweka potsekera pake ulendo usanathe. Galasi lokha ndi labwino, silisintha mtundu wa zithunzi ndipo madontho a madzi amapukutika mosavuta. Musanaode onani nambala yolembedwa kuseli kwa chivundikiro cha lenzi yanu, ngati si 67 sikwana.