Mahampu, zikwangwani, apolisi kapena kutsekera ana kumpanda: chimathandizadi ndi chiti?

Mkangano wa madalaivala othamanga ndi makolo a ana osewera pamsewu umayenda chimodzimodzi kulikonse. Wina amalemba pa gulupu ya maneba kuti galimoto yoyera ija yadutsanso ngati ili pampikisano, mwini wake amayankha kuti msewu si bwalo la mpira aliyense asamale ana ake, kenako anthu agawikana pawiri, ena atuluka m'gulupu mokwiya, mawa lake galimoto ija ikudutsabe liwiro lomwelo ndipo ana akusewerabe pomwepo. Nde ine zoweruza kuti wolakwa ndani ndazisiya, ndangotenga njira zomwe anthu amakonda kutchula mkanganowu ukabuka kuti tiziyike pamodzi tione iliyonse mphamvu yake ndi pomwe imafookera.

Koma tiyambe ndi masamu pang'ono, popanda awa zinazo sizimveka. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola imadya mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi, ya 30 imadya 8 ndi pang'ono. Dalaivala ngakhale watcheru amataya ngati sekondi yathunthu kuchokera pomwe wamuona mwana mpaka phazi kufika pa buleki. Pa phula louma wa 30 uja amakhala waima pa mamita ngati 13, wa 50 amafuna pafupifupi 28. Taganizani bwino pamenepa: pamalo pomwe wa 30 waima kale ndipo akutulutsa mutu pawindo kukalipira mwana, wa 50 ndi pomwe akuyamba kumene kuponda buleki, ndiye kuti mwanayo amugunda ndi 50 yonse. Ndipo 50 madalaivala ambiri sayitcha kuthamanga, amati ndimayenda bwinobwino ine, ndipo sakunama, kwa iwo mkati mwa galimoto zimamveka choncho. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati ngozi za pamsewu ndi zomwe zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, nchifukwa chake pa msonkhano wa nduna ku Stockholm mu 2020 anagwirizana zoti pomwe magalimoto akusakanikirana ndi anthu oyenda pansi liwiro lisamapose 30. Funso langa pa njira iliyonse ndi limodzi basi, kodi imatsitsadi galimoto kufika pa 30 tsiku lomwe dalaivala wachedwa ku ntchito ndipo mayi a mwana atembenuka kamphindi?

Njira yomwe madalaivala amaikonda ndi yoti ana azikhala kumpanda. Muli choonadi mmenemo, tisakane, mwana wa zaka 3 sayenera kukhala pamsewu yekha ngakhale msewuwo utakhala wa mahampu khumi. Ndi yaulere komanso mutha kuyamba lero. Vuto lake ndi loti mwana satuluka kukasewera kokha ayi, amapita kusukulu, amatumidwa, amakaona mnzake kutsidya, mpira ukadumpha mpanda amautsata osaganiza, ndipo nyumba zambiri zilibe ndi mpanda womwe. Ena amati apite ku bwalo losewerera, chabwino, koma ngati bwalolo lili kutali ndiye kuti mwamuonjezera misewu itatu yoti awoloke. Palinso nkhani ya maso a mwana, ofufuza a pa yunivesite ya Royal Holloway ku England anapeza kuti ana a ku pulayimale amavutika kuzindikira kuti galimoto ikubwera mwaliwiro ikapitirira makilomita pafupifupi 32 pa ola, nde kumuphunzitsa kuyang'ana uku ndi uku nkofunika koma sikumusandutsa munthu wamkulu. Komanso mukachotsa ana liwiro latsala pompo, agogo ndi anthu oyenda pa njinga akadali pamsewu womwewo.

Njira ya makolo okwiya ndi kukuwiza dalaivala, kujambula nambala ya galimoto nkuiponya pa Facebook kapena pa WhatsApp. Iyi ine sindiikonda. Munthu ukamuyalutsa pagulu amayamba kuteteza ulemu wake osati kumva nkhaniyo, mwinanso galimotoyo tsiku limenelo amayendetsa wina. Komanso makutu amanamiza, galimoto yaphokoso imaoneka ngati ikuuluka pomwe yopanda phokoso ikudutsa 55 anthu osaiona. Kupita kwa neba anthu awiri kukalankhula naye mwaulemu pakhomo pake kumathandiza kuposa zonsezo, bola akhale nebadi. Ngati ndi anthu ongodutsa pothawa jamu ya msewu waukulu, mulankhula ndi angati?

Zikwangwani ndiye zomwe komiti iliyonse imayambira chifukwa nzotchipa ndipo zimaoneka kuti anthu achitapo kanthu. Zili mitundu iwiri ndipo musazisakanize. Chija cholembedwa kuti ana akusewera chepetsani liwiro, sabata yoyamba anthu amachiona, ikatha imeneyo chimangokhala ngati mtengo wa m'mbali mwa msewu. Ku America sichipezeka nkomwe m'buku lovomerezeka la zikwangwani za pamsewu, ndipo mainjiniya ambiri kumeneko sachilimbikitsa ati chimapatsa makolo mtima woti ana atetezedwa pomwe palibe chasintha. Chikwangwani cha malire a 30 choikidwa ndi boma kapena khonsolo nchosiyana chifukwa kumbuyo kwake kuli lamulo, wophwanya atha kulipira chindapusa ndipo pakachitika ngozi mlandu wake suvuta. Mzinda wa Graz ku Austria unayamba 30 m'misewu yambiri ya mumzinda mu 1992, Brussels inatsatira mu 2021, Spain chaka chomwecho inaika 30 pa misewu ya m'tauni ya mzere umodzi mbali iliyonse. Wales inaika mamailosi 20 (makilomita pafupifupi 32) pa ola mu 2023 ndipo anthu oposa 400,000 anasaina chikalata chokana, nde musadabwe neba wanu akamakana, mkangano womwewu umafika mpaka ku nyumba ya malamulo. Chofooka chake nchoti msewu ukakhala wotakata, wowongoka, wosalala, dalaivala amamvera msewu osati nambala ya pa chikwangwani, liwiro limatsika koma pang'ono chabe. Pang'onopo sipachabe ayi, WHO imati liwiro likakwera ndi 1 peresenti ngozi zakupha zimakwera ndi 4 peresenti, nde kutsika kulikonse ndi phindu. Kungoti pa funso langa lija chikwangwani chokha sichikhoza.

Apolisi a pamsewu akaima ndi makina awo oyezera liwiro aliyense amakhala mwana wabwino. Akachoka basi zabwerera. Palibe dziko lomwe lili ndi apolisi okwanira kuima mu kamsewu kalikonse ka m'nyumba za anthu, ndipo ali ndi misewu ikuluikulu yomwe anthu amafa ambiri. Amathandiza ngati mukudziwa kuti vuto ndi la ola linalake, mwachitsanzo nthawi yoweruka kusukulu, mukawapempha abwere nthawi imeneyo kangapo mosayembekezeka. Kamera simatopa koma ndi yodula, imafuna magetsi ndi wokonza, ndipo imagwira ntchito pokhapo pomwe kaundula wa eni magalimoto ali bwino kuti chindapusa chikafike kwa mwini wake. Komanso madalaivala akadziwa pomwe ili amaponda buleki pompo nkuthamanganso akangoidutsa.

Tsopano mahampu, apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe anthu amakanganirana kwambiri. Ubwino wa hampu ndi woti simadalira mtima wa munthu. Dalaivala akhale waulemu, woledzera, wachilendo kapena wochedwa, onse amachepetsa chifukwa akuopa galimoto yawo, usiku ndi usana, apolisi alipo kapena palibe. Pa njira zonse zomwe ndatchula pamwambapa iyi ndi yoyamba kuyankha funso lija mwachindunji. Koma hampu ndi hampu zimasiyana kwambiri. Yomangidwa mwaukadaulo imakhala yayitali motsata msewu, mamita 3 ndi theka kapena 4, msinkhu wake masentimita 7 mpaka 10 basi, yopakidwa penti komanso yokhala ndi chikwangwani chochenjeza. Yotere pa 25 kapena 30 umakwera bwinobwino osamva kanthu, ukapitirira ndi pomwe imakuponya. Ndipo imodzi siikwana, zimafunika zingapo zotalikirana mamita osafika 100, apo ayi anthu amaponda buleki, kukwera, nkuponda mafuta mwaukali pakati pake pomwe ana ali.

Nanga ija maneba amamanga okha Loweruka m'mawa ndi simenti yotsala kapena dothi ndi miyala? Ndikumvetsa mtima wake, anthu atopa kudikira khonsolo. Koma imakhala yaifupi ndi yosongoka, imakhula galimoto kunsi ngakhale ukuyenda pang'onopang'ono, ilibe penti nde usiku wa njinga yamoto amaiona atagwa kale. M'maiko ambiri kumanga chinthu pamsewu wa boma popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo munthu akavulala pamenepo funso loyamba likhala loti anamanga ndani. Chinanso chomwe anthu sachiganizira, hampu ikakhala yoipa madalaivala amaizemba podutsa m'mphepete, kutanthauza kuti mwachotsa galimoto pakati pa msewu nkuipititsa pomwe ana amayenda. Ikatseka njira ya madzi mvula ikagwa neba wa kumunsi madzi alowa m'nyumba, mkangano wina wayamba.

Madandaulo a otsutsa mahampu ena ndi oona ndipo kuwanyoza sikuthandiza. Wokhala pafupi ndi hampu amamva phokoso la mabuleki ndi malole opanda katundu akugubuduka usiku wonse. Ambulansi ndi galimoto yozimitsa moto zimachedwa pa hampu iliyonse, wodwala msana kapena mayi woyembekezera amamva kuwawa. Pali mtundu wina wa mahampu oduladula osafika m'mbali, opangidwa kuti galimoto yaikulu matayala ake adutse uku ndi uku osakwera pomwe yaing'ono ikukwera, amathandiza ambulansi koma njinga zamoto zimangodutsa pampata osachepetsa. Pomwe ana amawolokera kwambiri ine ndingasankhe malo owolokera okwezedwa, hampu yotakata yafulati pamwamba yokhala ndi mizere yoyera, chifukwa imachita ziwiri, galimoto imachepetsa komanso mwana wamfupi amaonekera. Ku Dar es Salaam bungwe la Amend linaika mahampu, malo owolokera ndi tinjira ta oyenda pansi kuzungulira masukulu, ndipo kafukufuku anapeza kuti kuvulala kwa ana kunatsika ndi 26 peresenti. Sizinali zodula ngati kumanga msewu watsopano ayi.

Pamwamba pa mahampu pali kusintha msewu weniweniwo kuti usamaoneke ngati wothamangiramo. Kuuchepetsa m'lifupi, kuika mitengo kapena malo oimika magalimoto mosinthanasinthana mbali kuti dalaivala azikhota, kapena kuutseka mbali imodzi ndi zipilala kuti oyenda pansi ndi njinga azidutsa koma galimoto zongodutsa zisiye. Ku Netherlands anafika pamenepa atalira kaye, mu 1971 ana oposa 400 anafa pamsewu, makolo anayambitsa gulu la Stop de Kindermoord (kutanthauza kuti lekani kupha ana) lomwe linkatseka misewu kuti ana asewere, ndipo misewu ya mtundu wa woonerf yomwe inayambira ku Delft inalowa m'malamulo mu 1976. Mmenemo mwana ali ndi ufulu wosewera pamsewu ndipo galimoto imayenda ngati mlendo. Kwa msewu womwe wasanduka chidule cha anthu othawa jamu, kutseka mbali imodzi kumaposa mahampu kutali chifukwa kumachepetsa liwiro ndi kuchuluka kwa magalimoto komwe. Mtengo wake ndi woti inu eni ake muzizungulira pobwera kunyumba, ndipo magalimoto aja sasowa, ena amasamukira msewu wa kuseri, nde mukapanda kukambirana ndi a kumeneko mwangowapatsira vuto lanu.

Kamtundu kakang'ono ka zomwezi ndi kutseka msewu maola awiri kapena atatu pa tsiku lodziwika kuti ana asewere, makolo a ku Bristol ku England anayamba zimenezi mu 2009 ndipo khonsolo yawo kenako inakonza chilolezo chake. Akuluakulu amaima kumapeto onse awiri, galimoto ya wokhala momwemo amaiperekeza pang'onopang'ono. Nzabwino pogwirizanitsa maneba koma masiku ena onsewo msewu uli mmene unalili.

Nde kusankha kwanga kumatengera kuti akuthamangayo ndani. Ngati ndi maneba awiri atatu odziwika, yambani ndi kukalankhula nawo, simenti siikufunika. Ngati ndi anthu ongodutsa, pemphani kutseka mbali imodzi, zikakanika mahampu ovomerezeka angapo pamodzi ndi malire a 30. Chikwangwani chokha ndi hampu yomanga nokha ndimaziika pansi penipeni.

Ndipo musanapite kukhonsolo pezani manambala, chifukwa mawu oti amathamanga kwambiri aliyense amanena. Yezani mamita 100 pakati pa zizindikiro ziwiri, wina aime ndi wotchi ya pafoni. Galimoto yotenga masekondi 12 ili pa 30, yotenga 9 ili pa 40, yotenga 7 yapitirira 50. Lembani ola, kuchuluka kwa magalimoto ndi ana omwe adutsa, m'mawa ndi madzulo masiku angapo, osalemba maina a anthu. Muitanenso neba uja amati msewu si bwalo la mpira kuti agwire wotchiyo ndi iyeyo, siginecha yake pa kalata yopita kukhonsolo ikufunika kuposa ya kholo lomwe aliyense akudziwa kale kuti likudandaula.