Nungwi kapena Paje? Kwa masiku ochepa, funsani za madzi musanalipire

Chibwerere ku Zanzibar, anzanga akhala akundifunsa funso limodzimodzi: "Tikagone ku Nungwi kapena ku Paje?" Ine ndi mkazi wanga tinagona konse kuwiri, masiku awiri uku, awiri uko. Sitinakonze choncho ayi. Ku Paje tinalipira masiku anayi, koma tinachita kuthawako.

Za mchenga woyera ndi zipinda sinditaya nazo nthawi, zilipo konse. Chimene chimasiyanitsa malo awiriwa ndi madzi, ndipo amene anatikonzera ulendo sanatchulepo ngakhale kamodzi.

Paje ili kum'mawa kwa Unguja, chilumba chachikulu cha Zanzibar. Gombe lake ndi losaya, ndipo matanthwe amene amatchinga mafunde ali kutali. Nyanja ikaphwa, madzi amathawa mpaka kumaoneka ngati kamzere chabe. Amaphwa kawiri pa tsiku, nthawi yake n'kumachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena uli mumdima amaphwa kwambiri. Ife tinafika mwezi uli wathunthu. Titadya kadzutsa tinatsikira kugombe ndi matawulo paphewa, n'kupeza mchenga wonyowa wokhawokha, tizithaphwi, ndi amayi atawerama m'minda yawo ya ndere za m'nyanja, zomwe amamangirira pa zingwe zokoka pakati pa zikhomo. Ulimi umenewu unayamba kumeneko cha m'ma 1989, ndipo kuuona n'kosangalatsa ndithu. Koma ife tinabwerera kusamba.

Tinaganiza zowatsatira madziwo wapansi, opanda nsapato. Titayenda kwa mphindi ngati khumi ndi zisanu, mkazi wanga anakuwa n'kukhala pansi. Anali ataponda kachilombo kakuda kozungulira, kaminga ngati kanungu, kamene kamabisala m'ming'alu ya miyala. Minga zisanu ndi ziwiri zinathyokera m'chidendene, zikuoneka ngati timadontho ta inki pansi pa khungu, ndipo ukati uzule zimangofumbutuka. Ndinamubereka kubwerera naye, dzuwa lili paliwombo. Mnyamata wina wa pahotelopo anathyola papaya wosapsa n'kudonthezera utomoni wake pabalapo, kenaka anabweretsa beseni la madzi otentha. Anatithandiza ndi mtima wonse, koma tsiku linathera pomwepo. Madzi anabwerako cha m'ma 4 koloko, munthu sakutha kuponda pansi. Chimene chimandipwetekabe n'chakuti pahotelo ponse panalibe chikwangwani chochenjeza, ndipo titapempha kuti atibwezere za masiku awiri otsalawo anakana kwamtuwagalu.

Nungwi ili kunsonga ya kumpoto, makilomita pafupifupi 60 kuchokera ku Stone Town, chigawo chakale cha mzinda waukulu wa Zanzibar. Kumbali yoyang'ana kumadzulo madzi amayamba kuya pafupi ndi gombe, choncho kaya nyanja yaphwa kaya yadzaza, munthu umasamba. Mkazi wanga ankatsimphina masitepe ochepa chabe n'kulowa m'madzi. Dzuwa limalowera m'nyanja uli pomwepo, ndipo cha kumudzi amisiri amakhala akukhoma mabwato amatabwa. Zovuta zake ndi phokoso usiku, mitengo yokwererako, ndi anyamata otsatsa maulendo a pabwato amene sakulola kuti uyende mamita khumi uli chete. Zonsezo ndinazikhululukira.

Pa nyama ndiye Paje yapambana, ndivomere. Nkhalango ya Jozani, yomwe inasanduka paki ya boma mu 2004, ili panjira yochokera ku Stone Town kupita ku Paje. M'menemo muli apusi a msana wofiira amene eni dziko amawatcha kima punju, ndipo sapezeka kwina kulikonse kunja kwa zilumba za Zanzibar. Tinawaona tsiku lofika, ngozi ija isanachitike. Mmodzi anakhala pa nthambi yoti n'kuigwira, ubweya woyera uli nyankhalala kuzungulira nkhope yakuda, akubudula masamba ndi dzanja lopanda chala chachikulu. Apusi amenewa amadyanso makala pofuna kuthana ndi poizoni wa m'masamba ena. Ku Nungwi kuli dziwe la akamba am'nyanja pafupi ndi nsanja younikira zombo, komanso mabwato opita ku kachilumba ka Mnemba. Ulendo wa ku Mnemba sindinaukonde: mabwato ambirimbiri ankathamangitsa kagulu kamodzi ka ma dolphin, injini zili phokoso, anthu akudumphira m'madzi pamwamba pawo.

Palinso ndalama imene mungalipire kulikonse mwasankha. Kuyambira pa 1 October 2024, boma la Zanzibar linalamula kuti alendo ochokera kunja azigula inshuwalansi yake, yomwe pa nthawiyo inali $44 munthu mmodzi, ngakhale ali kale ndi ina. Wotikonzera ulendo uja anati "zonse zalipiridwa", koma tinakazidziwira pofika, titaima pamzere n'kumalimbana ndi intaneti ya pafoni. Potuluka m'hotelo tinapezanso msonkho wa usiku uliwonse umene sunali pa pepala limene anatipatsa. Kuwonjezera apo, galimoto yochoka ku Paje kupita ku Nungwi inatidyera ndalama zina ndi maola pafupifupi awiri.

Ngati mumakonda masewera othamanga pamadzi mutakokedwa ndi kaiti, Paje ndi kwanu, makamaka kuyambira June mpaka September pamene mphepo imawomba bwino. Ngati muli ndi sabata ziwiri, kuphwa kwa madzi mudzakuzolowera. Koma wa masiku atatu kapena anayi, amene akufuna kungodzuka n'kulowa m'nyanja, apite ku Nungwi, ndipo ku Jozani akadzereko tsiku lofika asanalowere kumpoto. Amene mtima wake uli ku Paje basi ayambe waona pa intaneti nthawi zophwera madzi za masiku akewo, ndipo m'chikwama aikemo nsapato zoyendera m'madzi.