Loweruka ku Dedza Pottery ndi mlendo wa ku Germany

Mtsikana wa ku Germany amene akuphunzira zaunamwino, yemwe wakhala akugwira nafe ntchito kuno ku Dedza kwa miyezi itatu, ankadandaula kuti Loweruka lililonse limamupeza ali yekhayekha m'nyumba, maso ali pafoni. Tinaganiza zopita naye ku Dedza Pottery, kumene amaumba mbale, makapu ndi miphika yadothi, komanso kuli malo odyera.

Tinakhala panja, phiri la Dedza likuonekera chapatali, ndipo khofi anabwera m'makapu oumbidwa pomwepo, olemera m'manja ndiponso osunga kutentha, zimene zinatithandiza chifukwa mphepo ya mu June kuno siseka ndi munthu. Keke ya tchizi imene alendo ambiri amaitamanda inamukumbutsa kwawo, ngakhale kuti ineyo, wozolowera kachewere wokazinga wa pamsewu, ndinaona kuti chidutswa chimodzi n'chokwanira.

Chimene chinamusangalatsa koposa ndi kucheza ndi amisiri ojambula pambale, omwe anaseka naye pomuphunzitsa kuyankha moni mwaulemu. Kumeneko anakumananso ndi ophunzira anzake akunja, ndipo anagwirizana kuti Loweruka lotsatira akaone zojambula zakale za pamiyala ku Chongoni, malo amene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawazindikira mu 2006 kuti ndi ofunika kuwasunga.